Sukulu ya madokotala ndi ife a m'mbali mwa nyanja

Ndinakulira ku Nkhotakota, kumene mnyamata akakodza magazi, akuluakulu ena ankangoti wayamba kukula. Ndinadziwa mochedwa kuti limenelo ndi likodzo, matenda amene timawatenga posamba m'madzi mokhala nkhono. N'chifukwa chake mbiri ya sukulu ya madokotala imandikhudza, ngakhale ine ndimaphunzira mbiri, osati zachipatala.

Chipatala cha St Anne's cha mpingo wa Anglican chinayamba kwathu kuno mu 1902. Koma panadutsa zaka pafupifupi 90 dziko lino lisanakhale ndi sukulu yakeyake ya madokotala. Daniel Malekebu ndi Hastings Kamuzu Banda anakaphunzira udokotala ku Meharry ku America. Ngakhale titalandira ufulu mu 1964, ofuna udokotala ankatumizidwabe kunja, ndipo ambiri sankabwerera.

Zinthu zinasintha mu 1991 pamene College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre pansi pa Yunivesite ya Malawi. Mmodzi mwa amene analimbikira ntchitoyi anali Pulofesa John Chiphangwi, katswiri wa matenda a amayi. Ophunzira oyamba anayambira maphunziro awo kunja, monga ku London ndi ku Adelaide, n'kudzamalizira m'mawodi a chipatala cha Queen Elizabeth. Mu 2021 sukuluyi inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing kukhala Kamuzu University of Health Sciences.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri m'mbiriyi n'chakuti oyambitsa sukuluyi sanafune kuti ophunzira azingokhala mumzinda. Maphunziro a zaumoyo wa anthu m'midzi anawaika ku Mangochi, m'mbali mwa nyanja, kuti dokotala wamawa aone yekha likodzo ndi malungo komwe zimachokera.

Maganizo amenewo ndi amene sitiyenera kuwataya. Ku Nkhotakota ndi ku Rumphi kudakali kaodzera, amene amafala ndi ntchentche za kashembe za m'nkhalango zotetezedwa. Zizindikiro zake zoyamba zimafanana ndi za malungo, choncho dokotala amene sanamuonepo akhoza kumuphonya, ndipo wodwala wosalandira mankhwala amamwalira.

Anzanga, tikamayamikira sukuluyi tisamangowerenga amene avala mikanjo pa tsiku lomaliza maphunziro. Tizifunsanso kuti ndi angati mwa iwo amene akugwira ntchito ku Dwangwa kapena ku Benga, komanso ngati kafukufuku wa aphunzitsi awo akufika kwa msodzi wa pa Chia.