Chidindo, dongo ndi dzimbiri: chinenero cha ogula timitsuko takale ta inki

Munthu amene watsegula koyamba buku la katundu wa pa okushoni ya zinthu zakale ku London kapena ku Paris amakumana ndi chinenero chooneka ngati anachipanga kuti chimuthamangitse. Pansi pa chithunzi cha kamtsuko ka inki amapeza mawu monga standish, sterling, faience, ormolu, spelter kapena after, ndipo mtengo umatha kukwera kapena kugwa kwambiri chifukwa cha liwu limodzi. N'kosavuta kuganiza kuti awa ndi mawu okometsera malonda basi. Ine ndikuona kuti pafupifupi liwu lililonse mwa amenewa limanena chinthu chimene munthu angathe kuchiyesa ndi maso, ndi sikelo kapena ndi galasi lokulitsira, ndiponso kuti ntchito yaikulu ya chinenerochi ndi kuonetsa pamene chitsimikizo chathera. Siliva, dongo ndi bronze sizipereka umboni wofanana, ndipo mawu amene anamera pa chilichonse mwa zitatuzi amatsatira kuchuluka kwa umboniwo.

Mawu oyamba kuwamvetsa ndi amene anachokera ku ntchito yeniyeni yolemba. Kwa zaka mazana ambiri inki ya ku Ulaya inkapangidwa ndi timibulu totupa tomera pa mtengo wa oak, mchere wa chitsulo wotchedwa copperas ndi utomoni. Inki imeneyi inkagwira bwino pa pepala koma inkadyanso zitsulo, motero mmisiri sankalola kuti ikhudzane ndi siliva wake. Ankaikamo kabotolo kochotseka ka galasi, ka dongo kapena ka mtovu, kamene amakatcha liner. Inkwell ndi kamtsuko pakokha. Inkstand, imene Angerezi a zaka za m'ma 1600 ndi 1700 ankaitcha standish, ndi thireyi yonyamula zida zonse za mlembi: kamtsuko ka inki, pogonekapo nthenga, kabokosi ka ma wafer, amene anali tizidutswa ta phala louma tomatira kalata, choikapo kandulo yosungunulira phula la chidindo, nthawi zina ndi kabelu koitanira wantchito woti akapereke kalatayo. Panalinso pounce pot, kachitini ka chivindikiro choboolaboola komwazira ufa wokonzera pepala kuti inki isafalikire, kapena mchenga wosalala woumitsira inkiyo. Inkstand ya siliva imene Philip Syng anasula mu 1752, imene inagwira ntchito posaina chikalata cholengeza ufulu wa America mu 1776 ndipo imasungidwa ku Philadelphia, ili ndi kamtsuko ka inki, chomwazira ndi choikamo nthenga pa thireyi imodzi. Mayinawa amathandiza kuwerenga zaka. Nsonga zolembera zachitsulo zitayamba kupangidwa zambirimbiri ku Birmingham m'zaka za m'ma 1820 ndi 1830 ndi anthu monga Joseph Gillott ndi Josiah Mason, nthenga inayamba kutha ntchito. Pepala loyamwa inki ndi maenvulopu a guluu zinachotsa pang'onopang'ono pounce pot ndi kabokosi ka ma wafer. Cholembera chosunga inki m'mimba mwake, chimene Lewis Waterman anachilembetsa mu 1884, ndiponso bolopeni ya László Bíró ya mu 1938, zinadzamaliza nkhani yonse, ngakhale kuti madesiki okhala ndi bowo la kamtsuko ka inki anakhalabe m'masukulu, kuphatikizapo a mishoni kwathu kuno, kwa zaka zambiri pambuyo pake. Choncho wodziwa zigawo akaona inkstand imene akuti ndi ya 1740 koma ili ndi kaburashi kopukutira nsonga yachitsulo, amadziwiratu kuti pali pofunika kufunsa.

Pa siliva wa ku Britain m'pamene chinenero chimalankhula motsimikiza kwambiri, chifukwa kumbuyo kwake kuli lamulo. Sterling si liwu loyamikira kuwala. Limatanthauza kuti pa magawo 1,000 alionse, 925 ndi siliva weniweni, ndipo otsalawo nthawi zambiri ndi kopa wolimbitsa. Britannia ndi muyeso wokwererapo, wa magawo 958, umene unali wokakamiza kuyambira 1697 mpaka 1720 pofuna kuletsa osula kusungunula ndalama za dziko. Lamulo la mu 1300 linalamula kuti siliva woyesedwa azidindidwa mutu wa nyalugwe. Mu 1478 ntchito yoyesayi inakhazikika ku Goldsmiths' Hall ku London, kumene kunachokera liwu lakuti hallmark, ndipo kunayambika chilembo chosintha chaka ndi chaka. Mkango woyenda unawonjezedwa mu 1544. Birmingham ndi Sheffield anatsegula maofesi awo oyesera mu 1773, wina n'kutenga nangula, wina chisoti chachifumu, ndipo kuyambira 1784 mpaka 1890 mutu wa mfumu kapena mfumukazi unkasonyeza kuti msonkho waperekedwa. Chofunika kuchigwira apa n'chakuti zidindo za muyeso, mzinda ndi chaka sankadinda ndi wosula mwini. Ankadinda ndi woyesa amene sankapeza phindu pa kugulitsidwa kwa chinthucho. Chidindo cha wosula, cha zilembo zoyamba za dzina lake, chili ndi malire ake: chimatchula munthu amene anapereka chinthucho kukayesedwa ndi kuvomera kuchiyankhira, osati nthawi zonse amene anachisula ndi manja ake. N'chifukwa chake akatswiri ambiri masiku ano amakonda kunena sponsor's mark m'malo mwa maker's mark, ndipo kusintha kumeneku ndimakuyamikira, chifukwa ndi chinenero chimene chavomera kuchepetsa zonena zake kuti zifanane ndi umboni.

Pafupi ndi siliva pali mawu awiri amene amasokoneza ogula ambiri. Sheffield plate ndi kopa womatidwa ndi siliva wopyapyala pa moto kenako n'kufulidwa pamodzi, njira imene Thomas Boulsover anaitulukira cha m'ma 1743. Electroplate ndi siliva wokutidwa pa chitsulo china ndi mphamvu ya magetsi, njira imene a Elkington a ku Birmingham anailembetsa mu 1840, ndipo zilembo za EPNS zimatanthauza zimenezo. Zonse ziwiri si siliva mkati, koma si zofanana. Kopa wofiirira akamaonekera m'mphepete mwa Sheffield plate, zimene amazitcha bleeding, wosonkhanitsa amaziona ngati umboni wa ukalamba ndi wa kapangidwe kake, pamene chinthu chomwecho chikakutidwanso ndi magetsi kuti chiwale, umboniwo wakwiririka ndipo mtengo umatsika.

Tikafika pa dongo, woyesa woima payekha uja palibenso. Chidindo cha pansi pa kamtsuko ndi mawu a fakitale yokha, ndipo aliyense wodziwa kugwira burashi angathe kuchikopera. Malupanga awiri opingasana a Meissen, fakitale imene inayamba mu 1710, ali m'gulu la zizindikiro zokoperedwa kwambiri m'mbiri ya zoumba, ndipo kampani ya Samson ya ku Paris, imene inayamba mu 1845, inakhala zaka zambiri ikupanga zofanizira za Meissen, za ku China ndi za mafakitale ena. Pa chifukwa chimenechi mawu a pa dongo amatsamira pa thupi la chinthucho. Earthenware ndi dongo lowotchedwa pa moto wocheperako, limene limamwa madzi likapanda kukutidwa. Stoneware imawotchedwa pa moto wopitirira madigiri 1,200 mpaka kulimba ndi kusamwanso madzi, n'chifukwa chake mabotolo ambiri a inki a m'zaka za m'ma 1800 anali amtunduwu. Porcelain, yopangidwa ndi dothi loyera la kaolin, imalola kuwala kudutsa pamene ili yopyapyala. Maiolica ya ku Italy, faience ya ku France ndi delftware ya ku Netherlands ndi ku England ndi luso limodzi la mayina atatu: dongo wamba lokutidwa ndi utoto woyera wokhala ndi tin, umene umasuka msanga m'mphepete, moti kamtsuko ka zaka 300 kopanda pogumuka paliponse kamafunika kukayang'anitsitsa kuposa kogumuka pang'ono. Ngakhale zizindikiro zochokera ku boma zimanena zochepa kuposa mmene anthu amaganizira. Chizindikiro cha makona anayi chimene Britain inkagwiritsa ntchito kuyambira 1842 mpaka 1883 chimapereka tsiku limene kapangidwe kanalembetsedwa, osati limene kamtsukoko kanaumbidwa. Liwu lakuti England pansi pa chinthu kawirikawiri limaloza ku zaka za pambuyo pa 1891, lamulo la msonkho la McKinley litafuna kuti katundu wolowa mu America azitchula dziko lake, koma kusowa kwa liwulo sikutsimikiza kuti chinthucho n'chakale kuposa apo.

Bronze ndiye amene salankhula kwenikweni, ndipo pa iye m'pamene mawu okayikira anakula kwambiri. M'Chichewa timangoti mkuwa, koma wogula ayenera kusiyanitsa: bronze ndi kopa wosakaniza ndi tin, brass ndi kopa wosakaniza ndi zinki, ndipo spelter ndi zinki wotsika mtengo wopakidwa kuti aoneke ngati bronze, wosachedwa kuthyoka, woonekera woyera akakandika pamalo obisika. Ormolu ndi bronze wokutidwa ndi golide pogwiritsa ntchito mercury, njira imene inkadwalitsa amisiri mpaka kukutira ndi magetsi kutaiposa. Timitsuko totchuka kwambiri ta bronze tinachokera ku Padua m'zaka zoyambirira za m'ma 1500, m'nthawi ya Andrea Riccio, amene anamwalira mu 1532, ndi Severo da Ravenna: tianthu ta miyendo ya mbuzi tonyamula chigoba cha inki, zilombo za m'nyanja, nkhanu ndi achule, ena mwa iwo opangidwa pogwiritsa ntchito nyama yeniyeni ngati chikombole. Vuto ndi lakuti chinthu chothiridwa m'chikombole chimatha kubwerezedwa. Malo ogwirira ntchito a Severo anapitiriza kuthira zifaniziro zake iye atamwalira, ndipo anthu a zaka za m'ma 1800 ankatenga chikombole pa chinthu chakale n'kuthira china, chimene amachitcha aftercast. Choterechi chimatuluka chochepa pang'ono, popeza chitsulo chimakhwinyata chikamazizira monga mmene mbiya imachepera ikamauma, ndipo mizere ya tsitsi ndi ya zikhadabo imakhala yofafanizika. Apa m'pamene makwerero a mawu a m'mabuku a makampani a okushoni a Christie's ndi Sotheby's amagwirira ntchito. Dzina la mmisiri palokha likutanthauza kuti ogulitsawo akukhulupirira kuti ndi ntchito yake. Attributed to ndiko kuti mwina ndi yake. Workshop of ndiko kuti inachokera pamalo ake ogwirira ntchito koma dzanja silikudziwika, circle of ndi ya wina wa m'nthawi yake amene anatengera luso lake, ndipo after ndi chokopera, cha nthawi ina iliyonse. Sitepe iliyonse ndi kuvomereza poyera kuti umboni wachepa.

Wina angatsutse kuti zonsezi n'zopanda pake chifukwa zidindo zimabedwa ndipo ogulitsa amabisala kuseri kwa mawu omwewa. Mfundoyi ili ndi choonadi. Pakati pa 1720 ndi 1758, pamene siliva ankalipiritsidwa msonkho malinga ndi kulemera kwake, osula ena ankadula kachidutswa kodindidwa kale pa chinthu chaching'ono n'kukawotcherera pa chachikulu, ndipo zoterezi zimatchedwa duty dodgers. Wogulitsa wosaona mtima angathenso kulemba kuti in the manner of, ndiko kuti motsanzira luso la wakutiwakuti, n'chiyembekezo chakuti wogula awerenga dzina lotchukalo n'kudumpha mawu oyambawo. Koma taonani kuti chinyengo chilichonse chimene tatchula chili ndi dzina lake m'chinenero chomwechi, ndipo dzinalo limabwera ndi njira yofufuzira: kuyang'ana mzere wa kuwotcherera mozungulira zidindo, kuona ngati chivindikiro chili ndi zidindo zogwirizana ndi za thupi, kuwalitsa nyali ya ultraviolet pa dongo kuti zigamba zobisika zionekere. Amene amapusitsidwa ndi mawuwa kawirikawiri ndi amene sanawaphunzire, ndipo kuwataya kungasiye wogula alibe ngakhale funso loti afunse.

Kutsutsa kwina n'kozama kuposa apa. Ngati kamtsuko kali kokongola, n'chifukwa chiyani zikhale nkhani kuti chivindikiro chake n'cha 1780 ndipo thupi n'la 1820? Munthu ali ndi ufulu wokonda chinthu chotere ndi kuchiika patebulo pake, ndipo liwu lakuti marriage, limene amatchulira zigawo ziwiri zosabadwira pamodzi zimene wina waziphatikiza, silimuletsa. Limangomuteteza kuti asalipire mtengo wa chinthu chathunthu, ndipo limateteza wofufuza mbiri kuti asaganize kuti anthu a 1780 ankapanga zinthu zamaonekedwe amenewo. Chinenerochi chimasiyanitsanso kuwonongeka ndi kuwonongeka kunzake. Liner yosinthidwa sichepetsa kwambiri ulemu wa chinthu, chifukwa inali yoti idzasweka ndi kusinthidwa kuyambira pachiyambi. Patina, khungu lodera kapena lobiriwira limene bronze amavala, kaya ndi la zaka kaya analiika dala mmisiri, silibwereranso likachotsedwa ndi mankhwala opukutira, pamene ufa wotuwa mobiriwira wotchedwa bronze disease ndi dzimbiri loyambitsidwa ndi mchere ndi chinyezi, limene limapitiriza kudya chitsulo ndipo limafunika katswiri msanga. Zinthu ziwirizi zimatha kufanana mtundu, koma china n'chosunga, china n'chochiza. Siliva wokayikitsa ku Britain ali ndi kopita, popeza Antique Plate Committee ya ku Goldsmiths' Hall, imene inakhazikitsidwa mu 1939, imaunika zinthu zoganiziridwa kuti zinasinthidwa kapena zili ndi zidindo zabodza. Wogula bronze wa ku Padua amadalira zina: muyeso wa kutalika poyerekeza ndi zinzake za m'nyumba zosungiramo zakale, kuunika kwa zitsulo zosakanizidwamo ndi makina a X-ray, ndi provenance, mndandanda wolembedwa wa anthu amene anakhala nacho chinthucho mmodzi ndi mmodzi.