Manja Amene Adapsa

Ife amene tikuphunzira ntchito yojambula za m'kati mwa thupi timakonda kudandaula kuti masamu ndi fizikisi zatichulukira. Timati odwala akudikira m'zipatala, nanga tikutayiranji nthawi powerengetsa mlingo wa cheza? Ine ndikuona kuti yankho lili m'mbiri ya ntchitoyi.

Pa 8 Novembala 1895, Wilhelm Röntgen wa ku Würzburg m'dziko la Germany adatulukira cheza chimene chimapyola mnofu mosavuta koma chimatchingidwa ndi fupa. Posadziwa kuti chidali chiyani, adangochitcha X. Mu Disembala chaka chomwecho adajambula dzanja la mkazi wake, ndipo mafupa ndi mphete zidaoneka poyera. Pasanapite chaka, madokotala adayamba kupeza zipolopolo ndi mafupa othyoka popanda kung'amba munthu.

Koma chezacho chidali moto wosaoneka. Ku America, Clarence Dally, amene ankathandiza Thomas Edison, ankayesera makinawo pa manja ake. Tsitsi lidathothoka, manja adachita zilonda zosapola, kenaka idabwera khansa. Madokotala adamudula mikono yonse iwiri, komabe adamwalira mu 1904 ali ndi zaka 39. Akale adati safunsa adadya phula, koma Dally adalibe woti amufunse.

Sadali yekha. Mu 1936 ku Hamburg adaimika mwala wa chikumbutso wokhala ndi maina 169 a madokotala, anamwino ndi amisiri a m'maiko osiyanasiyana amene adafa chifukwa cha X-ray ndi radium. Imfa zotere ndizo zidachititsa kuti mu 1928 akatswiri osonkhana ku Stockholm agwirizane za muyeso wa cheza ndi kukhazikitsa bungwe loona za chitetezo.

Tsono khoma lochindikala limene timabisalako pojambula, chovala cha mtovu, ndi kachipangizo ka pachifuwa kowerenga cheza chimene chatigwera, zonsezi adalipira ndi anthu aja. Mawa mayi adzalowa m'chipinda changa atathyoka chiuno. Iye sadzadziwa mphamvu ya makinawo; adzangogona pamene ndamuuza. Kumufunsa ngati ali ndi pakati, kusankha mlingo wochepa wokwanira, ndi kujambula bwino kamodzi kokha kuti asabwerezenso, udzakhala udindo wanga. Masamu amene tikuwadandaulawa ndiwo adzaime pakati pa mayiyo ndi moto uja.