Moto Wopanda Utsi M'dengu la Tiyi

Lero tikamba mbiri ya kutentha kumene kumabadwa m'masamba a tiyi.

Tiyi anafika ku Mulanje m'chaka cha 1891, pamene Henry Brown, Mzungu amene adalimapo ku Ceylon, anatenga njere ku Mishoni ya Blantyre nazibzala m'munsi mwa phiri lathuli. Chiyambire masiku amenewo wothyola aliyense adziwa kuti ukatsendera masamba m'dengu, pakapita nthawi nupisamo dzanja, upeza atafunda ngati thupi la munthu wa malungo. Ena amati ndi dzuwa. Iyayi, ngakhale pamthunzi amafunda ndithu.

Chifukwa chake chidapezeka kutali, ku France, zaka zoposa 100 tiyi asanafike kuno. Cha m'ma 1783 akatswiri awiri, Lavoisier ndi Laplace, anatenga mbira, yonga yomwe timaweta m'makhitchini mwathu, naiika m'chotengera chozingidwa ndi madzi oundana. Inu a ku Likhubula amene mudakwerapo ku Lichenya m'mwezi wa Juni mudziwa madzi otere. Anayesa madzi amene anasungunuka ndi thupi la mbirayo, nayesanso amene anasungunuka ndi makala oyaka. Anaona kuti mbira ndi makala zikatulutsa mpweya woipa wa muyeso umodzi, kutentha kwake kumakhalanso pafupifupi kumodzi. Tsono anati kupuma ndiko kuyaka kwapang'onopang'ono: chakudya chikumana ndi mpweya, ndipo kutentha kutuluka, koma lawi palibe.

Tsamba lothyoledwa silinafe ayi. Likupumabe, likudya shuga wake. Likatsenderedwa, kutenthako kumasowa potulukira, tsamba limatunduzika, limafiira nthawi isanakwane, ndipo pa sikelo amalikana.

Chodabwitsa n'chakuti kufiirako ndi kumene fakitale ifuna, koma pa nthawi yake. Masamba akafota ndi kudulidwa, amawayala ndi kuwapemerera mpweya wozizira, pakuti nawonso afunda pamene asanduka mtundu. Akafiira bwino amawaumika pa moto. Apa zinthu zatembenuka: kufiira kunatulutsa kutentha, koma kuumika kumadya kutentha kochuluka, chifukwa madzi sachoka m'tsamba mwaulere. Ndicho chake muona nkhalango za bulugamu pambali pa minda ya tiyi. Ndizo nkhuni za fakitale.

Kale nkhaniyi inali ya akapitawo a m'maesiteti okha. Koma m'chaka cha 1967 Boma linakhazikitsa Smallholder Tea Authority, anthu a m'midzi nayamba kulima tiyi wawowawo, ndipo tsamba likafiira panjira wotaya ndalama anakhala mwini munda. Mafumu, onani kuti poyezera tiyi m'mudzi mwanu pali mthunzi ndi malo okwanira oyalapo masamba podikira galimoto.