Sitima ya ku Beira: Mmene Inayambira ndi Mmene Inathera

Ambiri a ife tinaloweza m'kalasi kuti dziko la Malawi lili ndi njira ziwiri za njanji zopita kunyanja yamchere, ina ya ku Beira, ina ya ku Nacala. Tinkalemba pamayeso n'kukhoza ndithu. Koma ndi angati mwa ife, makamaka amene tinabadwa cha m'ma 1980, amene akudziwa kuti kale munthu ankagula tikiti pa Limbe, n'kukhala pansi, n'kukatsika ku Beira, ulendo wa makilomita opitirira 500? Achikulire athu m'bungwe lino, amene ankapita kusukulu ndi sutikesi yachitsulo pamutu, akudziwa. Enafe tinangomva kwa makolo.

Njanji imeneyi sinamangidwe nthawi imodzi, ndipo chimene chinkaikankhira kumwera chinali kuchepa kwa madzi mu Shire. Poyamba katundu yense wa atsamunda ankabwera pa masitima apamadzi kuchokera ku Chinde, kumathiriro a Zambezi, mpaka ku Chiromo. Kuchokera pamenepo amtengatenga ankasenza pamutu kukwera mapiri mpaka ku Blantyre. Kampani ya Shire Highlands Railway inamanga njanji yochokera ku Port Herald, kumene tsopano timati ku Nsanje, ndipo inafika mu Blantyre m'chaka cha 1908. Madzi atapitirira kuchepa, masitima apamadzi anayamba kulephera kufika ngakhale pa Port Herald pomwe. Choncho kampani ina, Central Africa Railway, inaonjezera njanjiyo mpaka ku Chindio, m'dziko la Apwitikizi, kutsidya la kumpoto kwa Zambezi. Mu 1922 kampani yachitatu, Trans-Zambezia Railway, inatsegula njanji yochokera ku Dondo, pafupi ndi Beira, mpaka ku Murraça, kutsidya la kumwera.

Panatsala mtsinje wokha. Kwa zaka 13 anthu ndi katundu ankatsika m'sitima, n'kuwoloka Zambezi pa sitima yapamadzi, n'kukakwera ina kutsidya. M'chilimwe madzi ankachepa, sitima yowolotsa n'kumatitimira mumchenga. M'dzinja mtsinje unkasefukira n'kumiza magombe. Fodya ndi tiyi zinkangokhala pamenepo kudikira. Vutoli linatha mu 1935 pamene anatsegula mlatho wa Dona Ana, pakati pa Mutarara ndi Sena, wotalika makilomita 3.67, umodzi mwa milatho ya njanji yaitali kwambiri padziko lonse panthawiyo. Unamangidwa ndi kampani ya ku England ya Cleveland Bridge. M'chaka chomwecho njanji ya kumpoto inafika ku Chipoka ndi ku Salima.

Apa ndi pamene ndikufuna tiime pang'ono, chifukwa mabuku athu a kusekondale sankanena zambiri. Njanji ya Trans-Zambezia yonse inali m'dziko la eni, mlathonso chimodzimodzi, koma ngongole yake anasenzetsa boma la Nyasaland. Njanjiyo ikalephera kupanga phindu, boma la kuno ndilo linkayenera kulipira amene anaikamo ndalama zawo, ndipo gawo lalikulu la ndalama za bomalo linkachokera ku msonkho wa nyumba umene agogo athu ankakhoma. Mlathowo unathandizanso mafakitale a zitsulo a ku Britain amene anali pamavuto a zachuma m'zaka zimenezo. Katswiri wa mbiri yakale Leroy Vail analemba mu 1975 kuti njanji zimenezi zinathandizira kusaukitsa Nyasaland. Ena amati anakokomeza. Ine amene ndimagwira ntchito m'boma ndikudziwa chimene chimachitika ngongole ikayamba kudya bajeti: choyamba kuvutika ndi sukulu ndi chipatala. Ndiye mukamadabwa kuti bwanji dziko lino linalibe sekondale mpaka 1940, njanjiyi musaiiwale, ngakhale kuti si chifukwa chokhacho.

Chikhalirecho, anthu athu anaisandutsa sitimayo kukhala yawo. Inamangidwira fodya, tiyi ndi thonje, ndipo mabogi abwino anali a azungu, pamene wakuda ankakhala pa benchi yathabwa. Koma mabogi amabenchiwo ndiwo ankadzaza. Sitima ikanyamuka pa Limbe inkadzera pa Luchenza, n'kutsetsereka motsata mtsinje wa Ruo kudzera ku Sandama, Thekerani ndi Sankhulani, mpaka kuchigwa chotentha cha Makhanga, Chiromo, Bangula ndi Nsanje. Ikadutsa malire inkawoloka mlatho uja, n'kulowa m'nkhalango za ku Inhaminga mpaka pa Dondo. Pa Dondo ndi pamene panali mphambano. Wopita kudoko ankapitirira. Wopita kukafuna ntchito ankakwera sitima ya ku Umtali ndi Salisbury, ena mpaka ku Joni. Ambiri osauka ankapitabe wapansi kudzera ku Tete, koma amene anali ndi kangachepe, ndiponso obwerera kwawo ndi njinga, galamafoni kapena makina osokera, ankadalira sitima. Machona ena anaona dziko lawo komaliza kudzera pawindo la bogi. Amwenye ambiri amalonda analowanso m'dziko muno ndi njira yomweyi, ndipo ngakhale Ilala yathu ya pa nyanja, imene inayamba kuyenda mu 1951, inabwera zidutswazidutswa kuchokera ku Scotland kudzera ku Beira.

Titalandira ufulu mu 1964 dzina linasintha kukhala Malawi Railways, ndipo injini za dizilo zinayamba kulowa m'malo mwa za malasha. Mu 1970 boma la Dr Banda linatsegula njanji ya Nkaya mpaka Nayuchi, yolumikizana ndi doko la Nacala. Beira inaleka kukhala khomo lokhalo, komabe katundu wambiri ankadutsa komweko.

Chimene chinapha sitimayi ndi nkhondo. M'zaka za 1973 ndi 1974 asilikali a Frelimo ankaukira njanji cha ku Inhaminga. Mozambique italandira ufulu mu 1975, Pulezidenti Samora Machel anatseka malire ndi Rhodesia mu Malichi 1976, ndipo njira ya sitima yopita ku Salisbury inadukira pomwepo. Kenaka kunabwera Renamo, imene inkazula njanji, kutchera mabomba ndi kuwotcha mabogi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 njanji ya Sena inatsekeka, ndipo mu 1986 mlatho wa Dona Ana unaphulitsidwa. Mmalo mwa apaulendo, amene ankawoloka malire kulowa ku Nsanje anali othawa nkhondo, oyenda pansi, ndipo m'dziko lonse anafika pafupifupi miliyoni imodzi. Katundu wathu anayamba kuzungulira pa malole mpaka ku Durban, ndipo mtengo wake tinaumva tonse m'magolosale.

Mtendere unabwera mu 1992, koma sitima sinabwerere. Mu 1997 madzi osefukira anakokolola njanji pa Chiromo, kotero kuti Bangula ndi Nsanje zinadukana ndi Limbe. Mu 1999 njanji zathu zinaperekedwa m'manja mwa kampani ya Central East African Railways, imene maso ake anali ku Nacala. Kutsidya, a ku Mozambique anakonzanso njanji ya Sena pamodzi ndi mlatho uja, ndipo mu 2011 sitima zonyamula malasha a ku Moatize zinayamba kuwoloka pa Dona Ana kupita ku Beira.