Kukwera thanthwe motsogolera chingwe

Awa ndi makweredwe amene wokwera amapita patsogolo, chingwe chili chomangidwa m'chiuno mwake, n'kumachikoleka m'tizitsulo tapathanthwe pamene akukwera. Mnzake amatsala pansi, akumasula chingwecho pang'onopang'ono. Wokwera akaterereka ali mita imodzi pamwamba pa kachitsulo komaliza, amagwa mamita opitirira awiri chingwe chisanamugwire. N'chifukwa chake ophunzira amayamba ndi kugwa dala, mobwerezabwereza, mpaka miyendo italeka kunjenjemera.

Maphunziro a amayi okhaokha amathandiza kwambiri pamenepa, chifukwa pakati pa anzake mkazi sachita manyazi kunena kuti ali ndi mantha. Amaphunziranso kugwirira chingwe munthu womuposa kulemera, amene akagwa angathe kumunyamula m'mwamba. Mu 1993 mayi wina, Lynn Hill, anakhala munthu woyamba kukwera njira ya The Nose pa thanthwe la El Capitan ndi manja ndi mapazi okha, chingwe chikungomuteteza.

 Masewerawa amachitikanso ku Malawi: bungwe la Climb Malawi limaphunzitsa achinyamata ku Lilongwe, ndipo thanthwe la Chambe ku Mulanje ndi lalitali pafupifupi mamita 1,700.