Kuumba pa Gudumu

Kuumba pa gudumu ndi luso lopanga ziwiya ndi dongo loikidwa pa thabwa lozungulira. M'midzi yambiri ya m'Malawi, miphika ndi mitsuko imaumbidwa ndi amayi pamanja. Gudumu limapezeka m'malo ngati Dedza Pottery, yomwe idayamba mu 1987.

Wophunzira amayamba ndi kukanda dongo kuti mpweya utuluke. Chovutitsitsa ndi kulikhazika pakatikati penipeni pa gudumu, chifukwa likapendekeka pang'ono chiwiya chimagwedera mpaka kugwa. Akatero amaboola pakati ndi zala zonyowa n'kumakweza khoma pang'onopang'ono. Madzi akachuluka dongo limalefuka. Chiwiya chiziyamba chauma bwinobwino pamthunzi, apo ayi chimang'aluka pochiotcha.