Kuyang'anira mapulateleti wodwala khansa akaikidwa maselo atsopano opanga magazi

Mapulateleti ndi tizidutswa ta m'magazi timene timaundanitsa magazi munthu akavulala. Amapangidwa m'mafuta a m'mafupa ndipo amakhala ndi moyo masiku 7 mpaka 10 basi. Munthu wathanzi amakhala nawo pakati pa 150,000 ndi 450,000 m'maikrolita imodzi ya magazi. Papepala la zotsatira za kuyeza magazi (hemograma) la m'zipatala za ku Mozambique amalembedwa kuti plaquetas.

Odwala ena a leukemia, lymphoma ndi myeloma amalandira mankhwala amphamvu kwambiri amene amapha khansa pamodzi ndi maselo opanga magazi. Kenako madokotala amawaika maselo atsopano kudzera mumtsempha, awo omwe kapena a munthu wina wogwirizana nawo. E. Donnall Thomas wa ku America analandira mphoto ya Nobel mu 1990 chifukwa cha njirayi.

Tsiku loika maselowo limawerengedwa kuti tsiku 0, ndipo kuyambira pamenepo magazi amayezedwa tsiku ndi tsiku. Maselo oyera olimbana ndi matenda ndiwo amayamba kubwerera; mapulateleti amachedwerapo. Madokotala amati abwerera akafika 20,000 wodwala atatha masiku 7 osawonjezeredwa ena. Lamulo la masiku 7 lili ndi chifukwa chake: mapulateleti operekedwa ndi munthu wina amakweza nambala kwa masiku ochepa, ngakhale mafupa a wodwalayo asanayambe kupanga ake. Akatsika kuposa 10,000, wodwala amawonjezeredwa ena ngakhale asakutaya magazi. Pa maselo oikidwawo, otengedwa m'magazi amafulumira kugwira, a mumchombo wa khanda amachedwa kwambiri.

Nthawi zina nambala imakwera bwino kenako n'kutsikanso. Zimenezi zimachitika maselo a wopereka akayamba kulimbana ndi thupi la wodwala, kachirombo ka CMV kakadzuka, mankhwala monga ganciclovir akafooketsa mafuta a m'mafupa, kapena khansa ikabwerera. Ena amapatsidwa eltrombopag kapena romiplostim kuti thupi lipange ochuluka.

Chithandizo choika maselochi sichichitika m'chigawo cha Niassa ku Mozambique. Kum'mwera kwa Africa kuno chimapezeka ku South Africa, monga ku Groote Schuur Hospital mu Cape Town, ndipo kaundula wa ofuna kupereka maselo m'dzikomo anakhazikitsidwa mu 1991. Koma wodwala akabwerera kwawo ku Mandimba, Ngauma kapena Cuamba, kuyeza kumafunika kupitirira kwa miyezi. Apa ndi pamene pali vuto lenileni. Mapulateleti owonjezera odwala salowa m'firiji ngati magazi ena: amasungidwa pa madigiri 20 mpaka 24, akugwedezedwa usana ndi usiku, ndipo amatha ntchito pakangopita masiku pafupifupi 5. Choncho wa ku Massangulo amene wayamba kutaya magazi angafunike ulendo wa ku Lichinga, wa ku Cuamba ulendo wautali wa ku Nampula, ndipo kutsika kwa nambala kuyenera kudziwika magazi asanayambe kutuluka.

Malungo nawonso amatsitsa mapulateleti, ndipo m'maderawa ndi ofala makamaka nthawi ya dzinja. Wodwalayu akatentha thupi apite kuchipatala tsiku lomwelo, akayezedwe malungo ndi hemograma nthawi imodzi, ndipo auze adokotala kuti anaikidwa maselo. Kungoti "ndi malungo awa" n'kumwa mapiritsi kunyumba kungabise vuto lalikulu.

Achibale angathe kuona zizindikiro ndi maso: timadontho tofiira ngati tobayidwa ndi singano m'miyendo, magazi m'nkhama potsuka mano, kamfuno wosasiya, msambo wochuluka, chimbudzi chakuda, kapena mutu wopweteka mwadzidzidzi. Aspirin, ibuprofen ndi diclofenac za pagolosale zimafooketsa mapulateleti otsalawo, ndiye asamwe. Mapepala onse a hemograma asungidwe motsatira masiku, chifukwa dokotala wa ku Cuamba kapena wa ku Mangochi, kumene ambiri a ku Mandimba amapita powolokera pa Chiponde, amafuna kuona ngati nambala ikukwera kapena ikutsika kuchokera pa muyeso wapitawo.